MALOVU AULULA MANTHA A MAYESO

Caka ciri conse m'miyezi ya October ndi November, pamene dzuwa liswa mtengo ndipo alimi ali kalikiliki kusosa minda, ana a sukulu m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi alemba mayeso a Examinations Council of Zambia, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1983. Pa nyengoyi ambiri adandaula kuuma kukamwa, kusowa tulo ndi kupotokola kwa m'mimba. Makolo ena ayesa ndi ulesi, ena aganizira ufiti. Koma akatswiri anapeza kuti mantha a mayeso asiya cizindikiro m'malovu.

Munthu akagwidwa ndi mantha, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso titulutsa mankhwala a m'thupi ochedwa cortisol, amene aonjezera shuga m'magazi kuti munthuyo akhale maso. Pakapita mphindi 20 kapena 30, mankhwalawo acuruka m'malovu. Akakhala a muyeso athandiza; akapyola asokoneza cikumbumtima ca zophunzira, kotero mwana aiwala zimene analoweza dzulo lomweli.

Umboni wace unacokera ku America. M'caka ca 1983 anapima malovu a ophunzira 64 a udokotala wa mano, napeza kuti citetezo colimbana ndi tizirombo cinacepa pa nyengo ya mayeso. M'caka ca 2018 kunamvekanso za ana a mumzinda wa New Orleans: amene cortisol wao anakwera kapena kutsika kwambiri m'mawa wa mayeso sanakhoze monga anayenera.

Nkhaniyi ikhudza kuno kwathu. Ciyambire maphunziro aulere m'caka ca 2022, ana acuruka m'makalasi, ndipo malo pa sukulu zonga Katete Secondary ndi Chassa alimbiranidwa. Banja limene lagulitsa nshawa kapena thonje kuti ligule yunifomu ndi mabuku liyembekeza zambiri, ndipo katundu yenseyo amsenza ndi mwana.

Motero nkofunika kuti makolo apepuze katunduyo. Mwana wolemba mayeso apumule ku nchito ya kumunda ndi ubusa wa ng'ombe, agone msanga, adye phala asananyamuke, ndipo asaopsezedwe kuti akalephera adzaona zakuda. Aphunzitsi nawonso aleke kucititsa manyazi ana ofooka pamaso pa anzao. Ngati kusowa tulo kapena kuwawa kwa m'mimba kupitirira, mwanayo aperekezedwe ku kiliniki kapena ku cipatala ca St Francis.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana wodekha mtima ndiye alemba zonse zimene adziwa.