Tayala losokedwa ndi ulusi: ganizirani za tsiku limene lidzaphwe

Loweruka lina m'mwezi wa June chaka chatha ndinakankha njinga yanga ya mpikisano mtunda wautali ndithu pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba. Tayala lakumbuyo linali litaphwa, nsapato zopalasira zikungolira kwakwakwa pa phula. Nditafika pa Namadzi ndinapeza bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo, mtima wanga n'kukhala pansi. Anthu amenewa salephera kanthu, tonse timadziwa.

Bambowo anatenga zitsulo zawo zotsegulira tayala n'kuyamba kufufuza pokola. Anazungulira limu yonse kawiri.

"Achimwene, tayala lanuli analimata ndani chonchi? Nanga chubu chake chimatulukira pati?"

"Madala, nanenso n'koyamba kuliona litaphwa," ndinayankha, manyazi atandigwira.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Apa ndiye ndagonja. Kwerani minibasi basi."

Ndinakweradi minibasi, ndipo kondakitala anandilipiritsa mipando iwiri.

Mawilo amenewo ndinawagula kwa mnyamata wina pa gulu la WhatsApp la okonda njinga. Anali a carbon, opepuka ngati lichero, mtengo wake wotsika modabwitsa. Ndinapereka ndalama zimene ndinasunga kwa miyezi 3. Mawu akuti tubular anawalemba ndithu mu uthengawo, koma ine ndinkaganiza kuti ndi dzina la kampani. Digiri ndili nayo, eti, koma safunsa anadya phula. Lero ndikulemba izi kuti inu amene mwayamba kukonda njinga za mpikisano musadye phula lomwelo.

Matayala a njinga zimenezi alipo a mitundu 3. Loyamba ndi clincher, lija tonse timalidziwa: m'mphepete mwake mumakola pa limu, chubu chimakhala pachokha mkati. Njinga ya kabaza imayendera lomweli. Lachiwiri ndi tubeless, lopanda chubu, limene mumathiramo timadzi tooneka ngati mkaka totseka tizibowo. Lachitatu ndiye tubular. Ili chubu chake amachisokera mkati ndi ulusi, tayala lonse n'kukhala ngati payipi yozungulira. Pa msoko amamatapo kansalu, kenako tayalalo amalimata ndi guluu pa limu yakeyake yopanda makoma okolapo. Limu imeneyi singalandire clincher ngakhale mutapemphera. Mukagula mawilo a tubular, mwakwatirana nawo matayala ake.

Ndiye n'chifukwa chiyani akatswiri anawakonda kwa zaka zambirimbiri? Zifukwa zake n'zomveka. Limu yopanda makoma imapepuka. Chubu sichipanika pakati pa limu ndi m'mphepete mwa dzenje kawirikawiri ngati mmene zimachitikira ndi clincher. Koma chachikulu n'chakuti tayala lomatidwa bwino likaphwa silivuka, limakhalabe pa limu, ndipo munthu amatha kupalasabe. M'chaka cha 1995, pa mpikisano wa dziko lonse ku Duitama m'dziko la Colombia, Abraham Olano wa ku Spain tayala lakumbuyo linamuphwera atatsala pang'ono kufika. Sanaime. Anapalasa chomwecho mpaka kupambana, Miguel Indurain n'kukhala wachiwiri, Marco Pantani wachitatu.

Nkhani imeneyi imakoma kumva, koma taonani bwino moyo wa katswiri. Kumbuyo kwake kumakhala galimoto yonyamula mawilo ena. Likaphwa amangokweza dzanja, makaniko n'kudumpha, pakangopita masekondi ochepa ulendo wapitirira. Madzulo wina amamumatira tayala latsopano iye akupuma. Ine pa Namadzi kumbuyo kwanga kunalibe galimoto iliyonse, kunali ana awiri ogulitsa nzimbe amene ankandiyang'ana mwachifundo.

Komanso akatswiriwo ambiri anasamuka. M'chaka cha 2020 Julian Alaphilippe anapambana chigawo chachiwiri cha Tour de France ali pa clincher. Mu 2021 Sonny Colbrelli anapambana Paris-Roubaix, mpikisano wa misewu ya miyala kumpoto kwa France, ali pa tubeless. Apa ndiye ndinamvetsa chifukwa chake mawilo anga anali otchipa. Eni ake kunjako akuwataya, ndipo zotayidwa zambiri zimathera m'misika yathu ya kaunjika. Kutchipa kwa wilo kumabisa mtengo wa tayala, guluu ndi nthawi.

Nkhani ya guluu ndi imene imandiopsa kwambiri, chifukwa apa sitikukamba za ndalama zokha. Pa 14 July 2003, mu Tour de France, Joseba Beloki anali wachiwiri pa mpikisano wonse. Akutsika phiri kulowera mumzinda wa Gap, dzuwa litasungunula phula, wilo yakumbuyo inaterereka, tayala n'kuvuka pa limu. Anathyoka fupa la ntchafu, chigongono ndi dzanja, ndipo sanabwererenso pa mlingo wake wakale. Amenewo anali matayala omatidwa ndi akatswiri. Tsopano taganizirani tayala limene mwamata nokha usiku, magetsi atazima, n'kumatsika nalo phiri la Zomba kapena msewu wokhotakhota wotsikira ku Chikwawa mu October. Ngati mabuleki anu ndi ogwira pa limu, limuyo imatentha, ndipo guluu akatentha amafewa.

Kumata bwino kumafuna masiku, osati maola. Tayala latsopano mumayamba mwalikoleka pa limu youma, n'kulipopa, ligone usiku wonse kuti litambasuke. Kenako mumapaka guluu wopyapyala pa limu ndi pa kansalu ka tayala, n'kusiya aume, n'kupakanso. Mukamaliza kuvalika tayala mumaliwongola kuti lisapotoke, kulipopa kwambiri, n'kudikira maola osachepera 24 musanakwere. Musanatuluke, chotsani mpweya n'kulikankha ndi zala zazikulu mbali zonse. Likatukuka penapake, yambiraninso. Guluu wake ndi wapadera, monga Mastik'One wa Vittoria kapena wa Continental. Suluushoni womatira zigamba kapena guluu wa nsapato asayandikire n'komwe. Vuto lina n'lakuti guluuyu amayaka moto, choncho kumutumiza pa ndege n'kovuta. Ambiri amathawira ku tepi yomata mbali zonse ziwiri, monga ya kampani ya Tufo ya ku Czech Republic. Tepi ndi yofulumira komanso siyidetsa manja, koma kusintha tayala m'njira kumavutirapo.

Mwina muli ngati ine, mawilo munagula kale. Musataye mtima, koma sankhani tayala mwanzeru.

Yambani ndi chubu chimene chili mkatimo, poti simudzachisintha. Cha latex, chimene chimapezeka m'matayala ngati Vittoria Corsa, chimayenda mofewa ndipo chimathamanga, koma chimataya mpweya usiku umodzi wokha, moti pampu ndi ya m'mawa uliwonse. Cha butyl, chija chakuda chimene tinazolowera, chimasunga mpweya masiku angapo. Matayala ngati Continental Sprinter amakhala ndi chimenechi. Pa mpikisano latex, pa masiku wamba butyl.

Kenako onani chikopa cha tayalalo. Nambala ya TPI imanena kuchuluka kwa ulusi pa inchi imodzi. Corsa ili ndi 320, ulusi wake wosalala, ndipo n'chifukwa chake imakoma pa msewu wosalala. Koma ulusi wotere suchedwa kudulidwa ndi mabotolo osweka, waya ndi minga zimene zimadzaza m'mphepete mwa misewu yathu, kumene minibasi zimatikankhira. Pochita masewera olimbitsa thupi, tengani lolimba ngati Sprinter Gatorskin. Ndi lolemerako, limagunda pang'ono, koma limakufikitsani kunyumba.

Za m'lifupi, iwalani matayala owonda a mamilimita 21 kapena 22 amene akale ankatamanda. Tengani 25, kapena 28 ngati felemu yanu ikulola. Tayala lotakata limalola mpweya wocheperako, limagwira msewu bwino, ndipo m'zigamba za phula silikugwedezani mano. Kupopa mpaka tayala liume gwa ngati mwala si liwiro, ndi kudzizunza chabe.

Chenjeraninso ndi nambala. Pa bokosi la tubular nthawi zambiri amalemba 28. Njinga zakuda zija za agogo athu nazonso matayala ake ndi 28. Koma si ofanana. Limu ya njinga ya mpikisano ndi ya mamilimita 622, pamene inayo ndi 635. Mukatuma munthu kumsika ndi nambala yokhayo, adzakubweretserani katundu wosalowa.

Pomaliza, musatuluke pakhomo opanda tayala lapadera. Likhale lakale, lotambasuka kale, lopakidwa kale guluu, mulipinde n'kulimangirira pansi pa chishalo. Pa zithunzi zakale za Tour de France mudzaona anthu atakoleka matayala m'mapewa, chifukwa chake n'chomwechi. Mukalivalika m'njira, pokhota muziyenda ngati mwanyamula mazira, poti silinamatike mokwanira. Lophwalo limatheka kukonzedwa: mumamatula kansalu, kudula msoko, kutulutsa chubu, kumata chigamba, n'kusokanso ndi singano. Ine ndinayesapo. Zinanditengera madzulo onse, ndipo mayi anga atandipeza ndikusoka tayala pakhonde anafunsa ngati ntchito yanga inatha.

Tsopano funso lenileni lija: kodi tubular ndi ya ndani? Ngati mumapikisanadi, muli ndi mawilo ena a tsiku ndi tsiku, ndipo pa mpikisano pamakhala galimoto yotsatira, valikani tubular yabwino tsiku limenelo ndipo mudzasangalala. Njinga imamveka ngati ikuyandama, sindinama. Koma ngati wilo zanu ndi ziwiri zokhazo, mumapalasa nokha m'bandakucha musanapite kuntchito, ndipo ndalama zake n'zomwezo za lendi, gulani clincher yabwino ya 28, machubu awiri ndi kabokosi ka zigamba. Pa mtengo wa tubular imodzi yapamwamba mutha kugula machubu okwanira chaka chonse.

Ine ndinasunganso ndalama n'kugula mawilo wamba a aluminiyamu. Ndi olemerako, ndipo palibe amene amawajambula. A carbon aja ndinawakoleka kuchipinda, amatsika pokhapokha pakakhala mpikisano, nditawayesa ndi zala dzulo lake.

Mwezi watha tayala linandiphweranso, pafupi ndi malo omwe aja. Ndinakankha pang'ono n'kuwapeza bambo aja pansi pa mtengo wawo. Anandizindikira ndisanalankhule.

"Achimwene a tayala lomata aja! Lero mwabwera ndi chiyaninso?"

Ndinawapatsa wilo. Anakola chitsulo, chubu n'kutuluka. Pasanathe mphindi 10 ndinali pa msewu, kulowera ku Zomba.