Denga siligwa ndi ufiti ayi

Amayi ndi abambo a pa msika, sabata ino ndale tiziike kaye pambali, tikambe za chinthu chimene chayamba kulowa m'mpamba wa ena a inu mwakachetechete. Masiku ano mwana amafika pa benchi panu, foni ili m'manja, n'kunena kuti, "Amayi, ndapeza kosi ya uinjiniya pa intaneti, ya ku yunivesite yakunja, miyezi iwiri basi. Mundithandize ya fizi ndi ya bandulo." Mukafunsa dzina la phunzirolo akuti statics. Inu kukamwa yasa, osadziwa ngati ndi mtundu wa feteleza kapena mankhwala a mphere.

Musanamasule mfundo ya pa chitenje, ndiponso musanamuthamangitse mwanayo, tamverani kaye kuti chinthuchi n'chiyani.

Statics ndi masamu a zinthu zimene zimayenera kukhala chilili osagwedezeka: denga, mlatho, khoma, shelefu ya m'golosale, thanki ya madzi ili pamwamba pa nsanja. Funso lake ndi limodzi: katundu uyu akumusenza ndani, ndipo womusenzayo apirira mpaka pati? Malamulo ake ndi awiri okha. Loyamba likuti mphamvu zokankhira chinthu pansi zilingane ndi zochikankhira m'mwamba, zakumanzere zilingane ndi zakumanja. Lachiwiri likuti mphamvu zofuna kuchipendekera mbali iyi zilingane ndi zofuna kuchipendekera mbali inayo. Limodzi likaphwanyidwa, chinthu chija chimayamba kuyenda, ndipo denga likayamba kuyenda mwini wake amagona panja.

Inu a sikelo ya mbale ziwiri phunziroli munaliyamba kalekale osadziwa. Mbale ina mwala wa kilo, mbale ina mpunga, mpaka ziime mofanana. Ndipo mukudziwanso chinsinsi cha anzathu ena osaopa Mulungu: dzanja limodzi la sikelo likatalika pang'ono chabe, sikeloyo imaba tsiku lonse ngakhale mwala uli weniweni. Chifukwa chake n'chakuti chimene chimapendeketsa si kulemera kokha, koma kulemera kuchulukitsa ndi kutalika kuchokera pamene papachikidwa. Mgiriki wina, Archimedes wa ku Syracuse, analemba lamuloli zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndipo Isaac Newton anadzaika malamulo a mphamvu m'buku mu 1687. Mpaka lero palibe boma lawasintha, olo ndi referendamu.

Tengani chitsanzo ichi. Anyamata awiri apachika thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa mtengo wotalika mamita 2, wina kutsogolo wina kumbuyo. Thumba likakhala pakati penipeni, aliyense wasenza 25. Koma wakumbuyo akakhala wochenjera n'kulisuntha kuti likhale masentimita 50 kuchokera pa phewa la mnzake, wakutsogolo wasenza 37.5 pamene iye wasenza 12.5 basi, koma ya ganyu agawana mofanana. Mlatho ndi chimodzimodzi. Lole ya matani 10 ikaima mamita 2 kuchokera kumayambiriro a mlatho wa mamita 10, chipilala chapafupi chimasenza matani 8, chakutali matani 2. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Injiniya amavomereza mwambiwo, kenako amatenga pensulo n'kuwerengera kuti mutu uliwonse wasenza zingati.

Mwina mukuti, nanga ife ogulitsa matemba zikutikhudza pati? Tayang'anani kumene katundu wanu amachokera. Nandolo, mpendadzuwa, mpunga ndi nsomba za ku nyanja ya Chilwa zimene mumaoda ku Migowi ndi m'misika ina ya ku Phalombe sizibwera pa ndege. Zimadutsa pa milatho ndi pa makalavati. Umodzi ukaduka, lole imazungulira kapena kugona m'matope, ndipo mtengo wa ndowa ku Limbe umakwera tsiku lomwelo.

Ndipo ngati pali boma limene likudziwa mtengo wa masamu amenewa, ndi Phalombe. M'mwezi wa Malichi 1991, pamene dera limeneli linali lidakali mbali ya boma la Mulanje, mvula inagwa yosalekeza ndipo phiri la Michesi linamasula madzi, matope ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Midzi inakwiririka, misewu ndi milatho zinapita, anthu mazanamazana anafa. Phalombe inadzakhala boma paokha mu 1998, koma phiri silinasamuke. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso maliro omwewo ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chiradzulu, mpaka ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mu mzinda wa Blantyre. Madzi saiwala khwawa.

Agogo athu amati ameneyo ndi napolo, chinjoka chimene chimasamuka kuchoka kuphiri kupita kunyanja. Ine sindikangana ndi agogo. Koma tamvani m'mene wophunzira statics amafotokozera. Mwala umene uli pa mtsetse wa phiri umakokedwa ndi kulemera kwake kuti utsike. Chimene chimauletsa ndi kugwirana kwake ndi dothi, kuphatikizapo mizu ya mitengo imene imamanga dothilo ngati ulusi. Mbali ziwirizi zikalingana, mwala umakhala phee zaka mazana. Mvula ikagwa masiku angapo, dothi limamwa madzi n'kulemera, ndipo madzi olowa pansi amalitukula pang'ono, kugwirana kuja n'kuchepa. Kokoka kwakula, koletsa kwachepa: sikelo yapendekeka. Tikadula mitengo ya m'phiri kuti tiotche makala, timakhala tikuchotsa miyala pa mbale imene imatiteteza.

Madzinso anthu timawaderera. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu amalemera makilogalamu 1,000, ndiye kuti matumba 20 a chimanga. Akaima kuseri kwa khoma mpaka mita imodzi, amakankha mita iliyonse ya khomalo ndi mphamvu ya matumba 10. Akafika mamita 2, musaganize kuti ndi matumba 20 ayi, ndi 40, pakuti kuya kukawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi. Awo ndi madzi ongoima. Nanga othamanga, atasenza matope ndi miyala? Khoma la zidina zosaotcha zomangira dothi lingalimbe? Palibe injiniya angaimitse napolo, tisanamizane. Koma injiniya angathe kukuuzani kuti apa musamangepo, mlatho uwu ukwezedwe, chipilala ichi chizikike mpaka pa thanthwe.

Zina mwa nzeruzi mungazigwiritse ntchito mawa lomwe pa shedi yanu. Thabwa la masentimita 5 kwa 15 mukaliimika cham'mbali limasenza katundu wochuluka katatu kuposa mukaligoneka chafulati, thabwa lomwelo, ndalama yomweyo. Mitengo inayi yokhomedwa ngati bokosi imapendekeka mwana akaitsamira, koma mukakhomera wina mopingasa kuti papangike makona atatu, imauma gwa. N'chifukwa chake denga labwino limadzaza ndi makona atatu. Mphepo sikankhira malata pansi ayi, imawayamwira m'mwamba, ndipo liwiro lake likawirikiza kawiri mphamvu yake imawirikiza kanayi. Tsono denga limangiriridwe ku khoma ndi waya, osati kungolisanjikiza miyala ndi matayala. Konkire imapirira kupanikizidwa koma siipirira kukokedwa, ndiye ntchito ya zitsulo zam'kati. Pa mtanda wogona pa zipilala ziwiri zitsulo zikuluzikulu zimakhala chakumunsi, koma pa khonde lotulukira kunja lopanda chipilala zimakhala chakumwamba. Mmisiri akasokoneza zimenezi, khondelo limadzagwera makasitomala anu, kenako mudzati mnzanu wa shopu yoyandikana wakulodzani.

Anzathu a ku Lilongwe amaidziwa bwino milatho ya mitengo imene anthu amamanga okha pa mtsinje wa Lilongwe pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu, yolipira ukamaoloka. Amene amaimanga ndi anthu a luso ndithu, ndipo ena a iwo akanapeza mwayi wa sukulu bwenzi ali mainjiniya. Chimene amasowa ndi pepala lowauza kuti mlathowu malire ake ndi anthu angati nthawi imodzi. Amadziwira pamene mtengo walira.

Tsono tibwerere kwa mwana uja ali chiimire pa benchi panu kudikira yankho. Phunzirolo ndi lenileni, ndipo ndi khomo limene aliyense wofuna kukhala injiniya wa zomangamanga kapena wa makina amalowera. Koma mufunseni mafunso anayi.

Loyamba: masamu ako ali bwanji? Kosi imeneyi kunjako amaiphunzitsa pa tchuthi chawo cha nyengo yotentha, Juni mpaka Ogasiti, pamene kuno tikufunda mabulangete chifukwa cha chiperoni. Zimene ena amaphunzira pa masabata 15 amazipanikiza m'masabata 6 kapena 8. Ndiye kuti sabata iliyonse ndi mitu iwiri, homuweki tsiku ndi tsiku. Mwana amene masamu ndi fizikisi zinamuvuta pa MSCE, amene makona ndi ma sine ndi cosine amamuzunguza mutu, akaphonya masiku atatu basi yamusiya. Statics saloweza ngati ndakatulo. Umajambula chinthucho pachokha, n'kuika mivi yosonyeza mphamvu iliyonse imene ikuchikankha kapena kuchikoka, n'kuwerengera, mafunso makumimakumi mpaka dzanja lizolowere.

Lachiwiri: uphunzirira pati? Foni imakwana kuonera mphunzitsi, koma mayeso ambiri a pa intaneti amafuna kompyuta yokhala ndi kamera ndi netiweki yosadukaduka. Magetsi akazima pakati pa mayeso, mzungu wa ku yunivesiteyo sadziwa kuti kuno zimatero. Kumbukiraninso kuti m'miyezi imeneyo 2 koloko masana ku New York ndi 8 koloko usiku kuno. Mwana wa ku Chiringa kapena kumudzi kwina kulikonse kumene netiweki amaisaka pa chulu ayambe waganiza za solala ndi kokhala.

Lachitatu: ndalama zake ndi ziti? Fizi ya kunja ndi ya madola, ndipo inu a geni simufunika kuuzidwa zimene zinachitika kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Musagulitse mpamba wonse chifukwa cha kosi imodzi.

Lachinayi, lomwe ndi lalikulu: pepala lakelo alilandira ndani? Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Pa intaneti pali mayunivesite enieni, palinso akathyali okhala ndi chidindo chokongola ndi nambala ya akaunti basi. Bungwe la National Council for Higher Education ndi limene limaunika masukulu a ukachenjede ndi mapepala ochokera kunja. Kafunseni kumeneko musanatumize tambala. Ngati mwanayo ali kale pa MUBAS ku Chichiri, imene kale tinkaitcha Polytechnic isanaime payokha mu 2021, kapena pa MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, akafunse kaye aphunzitsi ake ngati kosi yakunjayo adzaiwerengere. Ndipo adziwe kuti kosi imodzi sipanga munthu kukhala injiniya. Pamafunika digiri yonse, kugwira ntchito pansi pa akuluakulu, ndi kulembetsa ku Malawi Engineering Institution. Safunsa anadya phula.

Ngati cholinga n'kungofuna nzeru, kapena kukonzekera chaka chamawa, njira yotchipa ilipo. Yunivesite ya MIT ku America inaika maphunziro ake ambiri pa intaneti kwaulere, ndipo aphunzitsi a ku India a NPTEL ali ndi makalasi athunthu pa YouTube. Setifiketi simulandira pongoonera, koma mtengo wake ndi bandulo yokha. Mwana ayambe wayesa kumeneko milungu iwiri. Mukaona kuti akudzuka yekha m'mamawa kukalimbana ndi mivi yake ija, ameneyo muthandizeni ndi mtima wonse. Mukaona kuti bandulo yathera pa mpira ndi TikTok, mwapulumutsa mpamba.

Chimene ine ndikufuna n'chakuti ana otere achuluke, makamaka ochokera ku Phalombe komweko, anyamata ndi atsikana omwe. Mwana amene anakulira m'munsi mwa Michesi, amene agogo ake amamulozera kuti mu 1991 madzi anadzera apa, sangalole kuti kontirakitala achepetse simenti pa mlatho umene amayi ake adzaolokepo popita ku chigayo.

Ndipo inu eni ake, poti munavota ndipo chiphaso cha msika mumadula tsiku lililonse, muli ndi ufulu wofunsa. Akabwera a khansala kapena a phungu kudzadula riboni pa shedi yatsopano kapena pa kamlatho ka ndalama za CDF, nyimbo imbani, koma wina aimike dzanja afunse mwaulemu kuti, "Bwana, anawerengera ndani? Mlathowu malire ake ndi matani angati? Pepala lake lili kuti?" Akakwiya, dziwani kuti pepalalo palibe.

Geni iyende bwino, tionana sabata yamawa.