Posintha clutch, flywheel isaiwalike

Nyengo yokolola ikafika, galimoto za mabungwe ndi za magulu a alimi sizipuma. Zimanyamula matumba a chimanga, soya ndi mtedza kupita nawo kumisika, kudutsa m'misewu yamchenga ndi yazitunda. Pa nthawi imeneyi clutch imatha msanga: injini imalira kwambiri koma galimoto osakoka, ndipo pamamveka fungo la chinthu chopserera. Eni ake amagula clutch yatsopano, makaniko n'kuiika, koma kawirikawiri palibe amene amafunsa za chitsulo chimene clutchyo imagwirapo. Chitsulocho ndi flywheel.

Flywheel ndi chitsulo cholemera, chozungulira ngati mbale, chomangidwa ndi mabawuti kumbuyo kwa injini, kumapeto kwa crankshaft. Amene anaonapo gudumu lalikulu limene limazungulira pambali pa injini ya dizilo ya pachigayo akuidziwa kale. Ntchito zake ndi zitatu. Pa maulendo anayi amene pisitoni imayenda, umodzi wokha ndiwo umapereka mphamvu, choncho kulemera kwa flywheel kumathandiza kuti injini izizungulira mosadukiza. M'mphepete mwake muli mano amene sitata imaluma poliza injini. Ndipo nkhope yake yosalala ndiyo imene mbale ya clutch imakanikizidwapo kuti mphamvu ya injini ifike ku giyabokosi ndi kumateyala.

Nkhope imeneyi imawonongeka chifukwa cha kutentha. Dalaivala akamasiya phazi pa clutch poyenda, akamagwira nayo galimoto pachitunda m'malo mwa mabuleki, kapena akamakakamiza galimoto yodzadza kuti ituluke m'matope, mbale imaterera n'kuwotcha chitsulocho. Pamatuluka mawanga abuluu olimba kuposa malo ena, timing'alu, ngakhale kupindika. Mbale yakale ikatha mpaka misomali yake kuonekera, imakanda mizere yakuya.

Clutch yatsopano ikaikidwa pa nkhope yotere sigwira mofanana paliponse. Galimoto imanjenjemera ponyamuka, ndipo mbaleyo imadyeka isanakwanitse nthawi yake. Apa ndi pamene ndalama za gulu zimatayikira. Kuti makaniko afike pa clutch amayenera kutsitsa giyabokosi, ntchito ya maola ambiri. Flywheel ikanyalanyazidwa, ntchito yonseyo imalipiridwa kawiri, clutch imagulidwa kawiri, ndipo zokolola zimakhala m'nkhokwe wogula akudikira. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Makaniko wosamala amayamba wayang'ana ndi kuyeza. Chida chotchedwa dial gauge chimasonyeza ngati flywheel ikuyenda mopendama, ndipo malire ake amalembedwa m'buku la galimoto iliyonse. Pa galimoto zambiri ndi pafupifupi milimita 0.1. Ngati zolakwikazo zili pamwamba pokha, flywheel imamasulidwa n'kupita kwa amisiri okhala ndi makina opala zitsulo, amene amachotsa kachigawo kochepa kwambiri kuti nkhope isalalenso. Kupala ndi sandipepa kumangochotsa kunyezimira, sikuwongola chitsulo chopindika. Kupala mopitirira malire nakonso kumavuta, chifukwa clutch imayamba kukana kulekana bwino posintha magiya. Flywheel zina zili ndi sitepe, ndipo kuya kwa sitepeyo kuyenera kukhalabe monga kunalili. Ya ming'alu yakuya ndi yofunika kutaya, pakuti ikhoza kusweka injini ikuthamanga.

Si flywheel iliyonse imene imapalidwa. Kuyambira mu 1985, pamene kampani ya LuK ya ku Germany inayamba kupanga yambiri ya mtundu wa dual-mass, galimoto zochuluka, makamaka za dizilo, zimabwera ndi flywheel ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i. Opanga ambiri amalangiza kuti yotereyi ikatha isinthidwe, osati kupalidwa. Popeza ndi yokwera mtengo, gulu limene likugula galimoto yakale lichita bwino kufunsiratu mtundu wa flywheel yake.

Giyabokosi ikadali pansi, ndi nzeru kuonanso zina. Silo ya kumbuyo kwa injini ikamadontha oyilo, oyiloyo amafika pa mbale yatsopano n'kuiwononga. Mabering'i a clutch asinthidwe limodzi ndi mbale, ndipo mabawuti a flywheel amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, motsatira buku. Fumbi la clutch lisauziridwe ndi mpweya, koma lipukutidwe ndi nsalu yonyowa, chifukwa mbale zina zakale zili ndi asibesitosi, amene amawononga mapapo. Dziko la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008, koma galimoto zakale zikuyendabe m'chigawo chino.

Msungichuma wa gulu kapena woyang'anira galimoto za bungwe safunika kukhala makaniko kuti ateteze ndalamazi. Asanalipire, afunse ngati flywheel yayezedwa, apemphe kuiona ndi maso, ndipo zimene zachitika zilembedwe pa lisiti. Dalaivala naye ayendetse modekha, osadzaza katundu mopitirira, pa makilomita mazana angapo oyambirira kuti mbale yatsopano ikhazikike bwino.