Kanyali Kobiriwira Tsidya la Madzi

Mwezi uno tisinkhesinkhe za buku lochedwa The Great Gatsby, limene F. Scott Fitzgerald wa ku America anaturutsa m'caka ca 1925.

Jay Gatsby, akali msilikali wosauka, anakonda namwali dzina lake Daisy. Atapita kunkhondo, Daisy anakwatiwa ndi mwini cuma, Tom Buchanan. Pobwerako Gatsby anakundika ndalama m'njira zosalungama, nagula cinyumba ku Long Island moyang'anana ndi kwa Daisy. Usiku ankaimirira panja, maso ali pa kanyali kobiriwira kowala padoko la kwa Daisy, tsidya la madzi.

Kanyali kameneka ndi cizindikiro ca zimene mtima wake unalakalaka, ndizo cuma ndi cikondi zomangidwa mtolo umodzi. Komatu amene iye ankamkonda sanali Daisy weniweni. Anali Daisy wa m'maloto ake, amene anasiyana naye zaka zisanu m'mbuyomo. Gatsby ataphedwa, Daisy sanaonekere pamaliro, ndipo makamu amene ankadyera pa maphwando ake anasowa ngati mame.

Tsono ife a m'banja tidzifunse: kodi timakonda mnzathu amene tikhala naye m'nyumba, ndi zofooka zake zomwe, kapena cithunzi cimene tinadzijambulira mumtima?