Kodi kupima magazi kungalosere momwe mwana wodwala khansa ya m'minofu achirire?

Pepala la zotsatira za magazi lomwe kholo limalandira kuchipatala limakhala ndi manambala ambirimbiri, ndipo ambirife timangoyang'ana ngati magazi achepa kapena ayi. Koma ochita kafukufuku wa khansa m'mayiko angapo akhala akuunika manambala ena a pa pepala lomwelo, pofuna kudziwa ngati angathandize dokotala kuzindikira msanga mwana amene khansa yake ingavute kuchiza.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mu 2018 bungwe la WHO linakhazikitsa cholinga choti pofika 2030, ana 60 mwa 100 aliwonse odwala khansa padziko lonse azichira. M'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 amachira kale, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30. Njira yotsika mtengo yosiyanitsira wodwala kwambiri ndi wodwala pang'ono ndi yofunika kwambiri kumalo kumene makina ndi ndalama n'zochepa.

Khansa yomwe tikunena pano ndi ya m'minofu yofewa, yomwe madokotala amaitcha soft tissue sarcoma. Mwa ana, mtundu wofala kwambiri ndi rhabdomyosarcoma, womwe umachokera ku maselo omwe akanakhala mnofu. Chotupa chake chimakonda kumera m'mutu ndi m'khosi, kuseri kwa diso, m'chikhodzodzo, kumaliseche, kapena pamkono ndi pamwendo. Nthawi zambiri sichipweteka poyamba. Amachiza ndi mankhwala monga vincristine, actinomycin D ndi cyclophosphamide, kuphatikizapo opaleshoni ndi radiotherapy.

Nanga magazi akubwera pati? Thupi likavulala kapena likagwidwa ndi matenda limatukusira, ndiko kunena kuti asilikali a m'thupi amathamangira pamalopo. Kale mu 1863 dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anaona kuti m'zotupa za khansa mumadzaza maselo oyerawa. Lero zikudziwika kuti si onse omwe amapita kukamenya nkhondo. Maselo otchedwa lymphocyte ndi omwe amatha kuzindikira ndi kupha maselo a khansa. Ena, otchedwa neutrophil, ntchito yawo ndi kulimbana ndi mabakiteriya, koma chotupa chimatha kuwanyengerera kuti atulutse zinthu zothandiza kumera kwa timitsempha tatsopano todyetsa chotupacho, komanso kufooketsa ma lymphocyte.

Apa ndi pomwe pachokera nambala yotchedwa NLR. Dokotala amangogawa chiwerengero cha ma neutrophil ndi cha ma lymphocyte. Ngati ma neutrophil ali 6,000 ndipo ma lymphocyte ali 2,000, NLR ndi 3. Sipafunika kutenganso magazi ena. Manambala onse awiri ali kale pa full blood count. Palinso PLR, yomwe imayerekeza maselo oundanitsa magazi ndi ma lymphocyte, ndi CRP, puloteni yomwe chiwindi chimatulutsa yambiri thupi likatukusira. Ku Glasgow akatswiri anapanga muyeso wophatikiza CRP yoposa 10 mg/L ndi albumin yochepera 35 g/L.

Mwa akuluakulu umboni ulipo wochuluka. Mu 2014 akatswiri anasonkhanitsa akafukufuku 100 okhudza odwala oposa 40,000 a khansa zosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti amene NLR yawo inali yokwera ankamwalira msanga kuposa anzawo. Mwa ana umboni ndi wochepa kwambiri. Kafukufuku wina wa ku Peru, yemwe anatuluka mu 2017, anaunika mafayilo a ana 100 odwala sarcoma ndipo anapeza zofanana, koma mwa anawo 22 okha ndi omwe anali ndi rhabdomyosarcoma. Umu ndi momwe akafukufuku ambiri a ana alili: odwala ochepa, chipatala chimodzi, kuyang'ana m'mbuyo m'mafayilo akale, ndipo gulu lililonse limadzisankhira malire ake a nambala yokwera. N'chifukwa chake njira zovomerezeka zoika ana m'magulu a chiopsezo zimadalirabe zinthu zina: kukula kwa chotupa, malo omwe chili, msinkhu wa mwana, ngati chafalikira kumapapo kapena m'mafupa, komanso ngati chili ndi kusintha kwa majini kotchedwa PAX3-FOXO1, komwe kumachititsa khansayi kukhala yaukali.

Ndikuona kuti kwa ife kuno funso lalikulu n'lakuti manambalawa angatanthauze chiyani pa mwana wa ku Nsanje kapena ku Karonga, ndipo apa m'pofunika kudekha.

Malungo okha amakweza CRP kwambiri ndipo amatsitsa maselo oundanitsa magazi. Kunyentchera, komwe ana ambiri odwala khansa amafika nako kuchipatala, kumayenderana ndi albumin yotsika. HIV imachepetsa ma lymphocyte. Chibayo kapena chilonda chomwe chalowa mabakiteriya chimakweza ma neutrophil, chimodzimodzinso mankhwala monga prednisolone. Mwana mmodzi akhoza kukhala ndi zitatu mwa izi tsiku lomwe akutengedwa magazi. NLR yake ikakwera, ndani anganene kuti yakwera chifukwa cha chotupa?

Palinso chibadwa. Anthu ambiri a ku Africa kuno alibe puloteni yotchedwa Duffy pa maselo ofiira, zomwe zimawateteza ku malungo a mtundu wa vivax, ndipo anthu otere amakhala ndi ma neutrophil ochepa m'magazi ngakhale ali bwinobwino. Msinkhu nawonso umasintha zinthu: mwana wosakwana zaka zinayi kapena zisanu amakhala ndi ma lymphocyte ambiri mwachibadwa kuposa wamkulu. Choncho malire omwe anapezeka ku Europe kapena ku China, tikangowatenga momwe alili, akhoza kutinamiza mbali zonse ziwiri. Wina angaoneke wodwalitsitsa pamene ali ndi malungo chabe, wina angaoneke kuti ali bwino pamene khansa yapita patali.

Izi sizikutanthauza kuti nkhaniyi tiitaye. Kupima majini a chotupa n'kokwera mtengo ndipo sikupezeka wamba, pamene full blood count imachitika kwa mwana aliyense asanayambe mankhwala a khansa ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Manambalawo alipo kale m'mafayilo. Atawaunika pamodzi ndi zotsatira za malungo, za HIV ndi muyeso wa mkono wa mwana, tikhoza kudziwa ngati NLR ikunena kanthu pa ana athu. Ngakhale itapezeka kuti ikungoloza mwana wofooka ndi njala kapena matenda ena, chimenechonso n'chothandiza, poti mwana wotere ndi amene mankhwala a khansa amamupweteka kwambiri ndipo amafunika chiponde ndi chisamaliro chapadera asanayambe.

Makolo adziwe chinthu chimodzi: NLR kapena CRP siziyeza khansa. Nambala yokwera pa pepala la mwana wanu nthawi zambiri imasonyeza matenda wamba, ndipo nambala yabwinobwino sikutanthauza kuti chotupa chilibe vuto. Khansa ya m'minofu imadziwika podula kachidutswa ka chotupacho n'kukapima ku labu. Chotupa chomwe chikukula kwa milungu ingapo ngakhale sichikupweteka, diso lomwe layamba kutong'oka, mphuno yotsekeka mbali imodzi yomwe ikutuluka magazi, kapena mwana amene akuvutika kukodza, zonsezi n'zofunika kuti dokotala aone, ndipo ngati mankhwala oyamba sanathandize, kholo lili ndi ufulu wopempha kalata yopitira kuchipatala chachikulu.