NTCHITO ZA MANJA PAKHOMO: Kukongoletsa Maluwa a Chidindo



Tsiku lina la Sabata titaweruka ku mapemphero, ndinapita kukazonda agogo ena a Mvano amene akhala akudwala miyendo kwa nthawi yaitali kufupi ndi Chitakale. Titatha kupemphera, iwo anatsegula buku lawo la Nyimbo za Mulungu nanditulutsira kapepala kakang'ono kothaitha m'mbali. Pa kapepalapo panali duwa la dzungu lopakidwa chikasu. Anandiuza kuti analijambula ndi mdzukulu wawo ali pa sukulu ya pulayimale, ndipo tsopano mnyamatayo ali pa ntchito ku Johannesburg. Amaimba foni ndithu mwezi ndi mwezi, koma agogowo anati mawu a pa foni amatha pomwepo, pamene kapepalako amakagwira m'manja usiku tulo tikasowa. Ndinabwerera kwathu ndikulingalira za okalamba ndi odwala ambiri a m'mipingo yathu amene alibe ngakhale kapepala kotere. Nchifukwa chake mwezi uno tiphunzira kupanga makadi a maluwa ndi manja athu.

Makolo ena amakalipira mwana akamuona akujambula, amati akutaya nthawi. Tiyeni tikumbuke kuti pa Eksodo 31 Mulungu mwini anaitana Bezaleli nampatsa luso la ntchito za manja. Pa 1 Mafumu 6 timamva kuti m'kati mwa Kachisi wa Solomo munali matabwa a mkungudza osemedwa maluwa. Ndipo pa Mateyu 6 Ambuye Yesu anauza ophunzira ake kuti ayang'anitsitse maluwa akuthengo kuti aphunzire kusada nkhawa. Mwana amene akufuna kujambula duwa ayenera kuyamba waliyang'anitsitsa, ndipo potero akuchita chimene Ambuye analangiza.

Choyamba chofunika ndi pepala. Luso lopanga pepala linachokera ku China, kumene Cai Lun analikonza bwino cha m'chaka cha 105. Kuno kwathu bungwe la PAMET ku Blantyre linadziwika popanga mapepala ndi manja kuchokera ku mapepala otha ntchito ndi luzi la nthochi. Nafenso tingathe. Ng'ambani makope akale tizidutswa ting'onoting'ono, muviike m'madzi usiku wonse, ndipo m'mawa musinje mumtondo mpaka zikhale ngati phala. Thirani phalalo m'beseni lalikulu la madzi ndi kutakasa. Khomerani chidutswa cha neti yakale yong'ambika pa timitengo tinayi, mukhale ngati sefa. Lowetsani sefayo m'beseni, muitukule pang'onopang'ono ili chogona, madzi akhe. Kenaka ivundikireni pa nsalu, mufinye madzi otsala, ndi kuyanika pamthunzi. Mukafuna pepala lolimba, wiritsani luzi la nthochi m'madzi a chidulo kuti lifewe, mulitsuke, mulisinje ndi kulisakaniza ndi phala lija. Kaphala kochepa ka ufa wa chinangwa kothiridwa m'beseni kamathandiza kuti inki isamwazike. Pepala likauma, lisiteni ndi simbi yotentha pang'ono kuti lisalale.

Chachiwiri ndi chidindo. Dulani kachewere kapena mbatata pakati, mupukute madzi ake, ndipo mujambulepo duwa. Tengani mpeni waung'ono mugobe malo onse opanda mzere, kuti mizere yokha itsale pamwamba, pakuti chimene chatsala pamwamba ndicho chimadinda. Chidindo cha mbatata chimafota pakatha tsiku limodzi kapena awiri, koma chosemedwa pa labala yofufutira kapena pa patapata yakutha chimakhalitsa. Kumbukirani kuti chidindo chimatembenuza chithunzi monga galasi, motero mawu ndi bwino kuwalemba ndi dzanja. Ntchito ya mpeni agwire ndi bambo, mayi kapena mkulu wawo wa anawo. Ndipo pasakhale wina wopita kuphiri kukadula mkungudza kuti asemere chidindo. Mtengo umenewu, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, watsala pang'ono kutha, ndipo phiri la Mulanje linalembedwa ndi UNESCO m'chaka cha 2025 pakati pa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Gundani chidindo pa inki yonga ya mu ofesi, muyambe mwayesa pa pepala lachabe, kenaka mudinde kamodzi osagwedeza dzanja. Musafulumire kupaka mitundu inki isanaume, pakuti pensulo idzakoka inkiyo ndi kudetsa duwa lonse.

Tsopano tafika pa mapensulo a mitundu. Mtima wa pensulo yotere ndi utoto wosakaniza ndi phula kapena mafuta. Pepala, ngakhale lioneke losalala, lili ndi timaenje ting'onoting'ono timene timagwira utotowo. Mukadinikiza kwambiri poyamba, phula limadzaza timaenje tonse, ndipo mtundu wachiwiri sugwiranso, umangoterereka. Nchifukwa chake lamulo loyamba ndi kupepuza dzanja. Songolani pensulo, muigwire chakumtunda, ndipo muyende mozungulira ting'onoting'ono kuti mizere isaoneke. Yambani ndi mtundu wowala, wodera ubwere pambuyo, chifukwa chowala chingathe kudetsedwa koma chodera sichibwerera. Pakani kawiri, katatu, ngakhale kanayi mopepuka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulo lachiwiri ndi kudziwa kumene dzuwa likuchokera. Musanayambe, sankhani mbali imodzi, tinene kumanzere. Mbali imeneyo ya duwa ikhale yowala, ndipo mbali inayo ikhale yoderako. Deretsaninso pakati pa duwa ndi pamene kachigamba kena kaphimba kanzake, pakuti pamenepo pamakhala mthunzi. Pokoka pensulo, yambirani pakati pa duwa kunka kunja, monga momwe mitsempha ya duwalo imayendera. Mukachita izi, duwa limaoneka ngati latukuka pa pepala.

Musadandaule ngati mulibe bokosi la mapensulo 24. Atatu okha, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, akwanira kuyambira. Buluu wopepuka pamwamba pa chikasu amabala mtundu wobiriwira wa masamba. Kufiira pamwamba pa chikasu kumabala mtundu wa lalanje. Mukasanjikiza onse atatu mopepuka mumapeza mtundu wa dothi woyenera phesi. Pomaliza, mungathe kusisita ndi pensulo yoyera kapena kansalu kofewa kuti mitundu ilowane.

Maluwa oti titengere chitsanzo ali pakhomo pomwe. Onani duwa la therere ndi la chidede, ndi achikasu chowala koma pakati pake mpofiira kwambiri. Duwa la nandolo ndi lachikasu, ndipo kawirikawiri kumbuyo kwake kumakhala timizere tofiira. Mpendadzuwa ndi wosavuta kwa ana aang'ono. Koma ife a ku Mulanje tili ndi duwa lina limene ambiri sitiliyang'ana, ndilo duwa la tiyi. Tiyi anayamba kulimidwa m'boma lino m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anamubzala, ndipo makolo athu ambiri atilera ndi ndalama za kutchola masamba ake. Duwa lake ndi loyera, lili ndi ngayaye zachikasu pakati, ndipo limabisala pansi pa masamba. Popaka duwa loyera, lisiyeni loyera momwemo, mungoika kamthunzi kotuwa kapena kabuluu pang'ono m'mapindiro ake. Masamba ozungulira muwabiriwitse kwambiri, ndipo kuyera kwa duwalo kudzaonekera kokha.

Chidindo chimodzi chingathe kudinda makadi makumi awiri, komatu ana makumi awiri akapaka mitundu, sipadzakhala makadi awiri ofanana. Aphunzitsi a Sande Sukulu angathe kuphunzitsa ana ndi chitsanzo chimenechi kuti tonse tinalengedwa m'chifanizo cha Mulungu mmodzi, koma aliyense anapatsidwa mphatso yakeyake. Motero inu makolo, mwana akakuonetsani duwa la dzungu lopakidwa buluu, musamuseke. Mufunseni chifukwa chake, ndipo mawa mupite naye kudimba akaone duwa lenileni. M'mera mpoyamba.

Achinyamata, nayi ntchito yanu ya mwezi uno. Aliyense apange makadi atatu. Loyamba lipite kwa wodwala amene sakutha kufika ku tchalitchi. Lachiwiri lipite ku banja lolira, makamaka mabanja aja amene anataya abale awo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pakuti anthu opepesa anabalalika kalekale koma chisoni chikadalipo. Lachitatu lipite kwa mbale amene ali kutali pa ntchito kapena pa sukulu. M'kati mwake lembani ndime ya m'Buku Lopatulika imene mwasankha nokha, ndi dzina lanu. Makadi a pafupi musatume munthu, mupite nawo nokha, mukhale pansi, mucheze ndi kupemphera nawo. Funsani akulu a mpingo ndi amayi a Mvano, adzakuuzani makomo oyenera kufikako.

Mwezi wamawa tidzaona kapangidwe ka maenvulopu oikamo makadi amenewa. Ambuye adalitse ntchito ya manja anu.