ZA M'MAKOMBONI: Zigumuka za ku Garden Zilibe Buku

Munthu woyenda m'komboni ya Garden m'miyezi ya cilimwe sangapitirire nyumba khumi osaona mulu wa mcenga pakhomo kapena mabuloko oyanikidwa padzuwa. Wina ali kuonjeza cipinda ca lendi, wina wagwetsa cipupa cakale kuti aimike catsopano. Koma atafunsidwa akuluakulu a mzinda wa Lusaka kuti zomangira zolowa mu Garden n'zoculuka motani, ndiponso kuti zotsala zake zimathera kuti, yankho lingakhale longoganizira.

Ciyambi ca vutoli n'cakale. Lamulo la 1974 la malo okhala linavomereza makomboni amene kale anali osaloledwa, ndipo eni nyumba anapatsidwa cilolezo cokhalapo zaka 30. Linali lamulo lacifundo. Kucokera pamenepo anthu akhala akumanga pang'onopang'ono monga mmene ndalama zipezekera, cipinda caka cino, khonde caka camawa, ambiri opanda pulani yolembetsa ku Khonsolo. Lamulolo linalowedwa m'malo mu 2015, koma kamangidwe kameneka sikanasinthe.

Pa zomangira zonse, thumba la simenti lokha ndilo lili ndi muyeso wodziwika, makilogalamu 50, kaya ndi la Chilanga kaya la Dangote. Likangotuluka m'sitolo, mawerengero asokonezeka. Mcenga ugulidwa pa tipa, cikhalireco matipa salingana kukula. Miyala imene amayi aphwanya m'mbali mwa miseu igulidwa pa wilibala kapena pa mulu. Nanga mabuloko? Kuculuka kwa mabuloko oturuka m'thumba limodzi ndi cinsinsi ca woumba, ndipo simenti ikakwera mtengo, mcenga ndiwo uculuka m'cikombole. Lisiti, ngati ilipo, ingochula nambala ya mabuloko ndi ukulu wake, osanena kanthu za kulimba kwake. Buloko lofooka lisweka potsitsa pa lole, lina lisweka m'manja mwa mmisiri. Mwini nyumba alipira kawiri, ndipo zidutswazo zisanduka zinyalala.

Apa ndipo pagona nkhani. Lamulo la zinyalala la 2018 lipatsa makhonsolo udindo woyang'anira nchito yocotsa zinyalala, ndipo zotengedwa mu Lusaka zikatayidwa ku Chunga, kufupi ndi Matero. Zofika kumeneko zingathe kuwerengedwa. Koma otola zinyalala m'komboni alipidwa kuti anyamule masaka a zotsala za m'nyumba. Zigumuka n'zolemera, zithyola wilibala, motero sizikwera lole. Ngakhale zitakwera, wina awerenga maulendo a lole, wina matani, pamene lole ya zidutswa za konkire ilemera koposa kwambiri lole ya mapepala ndi mapulasitiki. Kuphatikiza manambala otere kuli ngati kuphatikiza mbuzi ndi nkhuku ndi kunena kuti m'khola muli ng'ombe.

Si kuti zigumuka zonse zitayidwa moipa. Zambiri zikwirira maenje a m'miseu ndi kukweza makomo, ndipo wodziwa matope a ku Garden mwezi wa Febuluwale sangadzudzule zimenezo. Koma mvula ikakula, mcenga ndi zidutswa zikokoloka kulowa m'ngalande. Ngalande yaikulu ya Bombay, imene inamangidwa ndi thandizo la boma la America pa pangano la zaka za 2013 mpaka 2018, ipyola ku Garden potsikira ku mtsinje wa Ngwerere. Akatswiri anaipima kuti inyamule madzi a mvula. Mabotolo a pulasitiki ayandama ndipo aliyense awaona, koma mcenga ndi miyala zimira pansi mwakacetecete ndi kucepetsa malo opita madzi. Madzi akasefukira alowa m'zimbudzi zokumba, ndipo anthu a mu Lusaka sanaiwale kolera ya 2017 ndi 2018, kapena ya Januwale 2024 pamene bwalo la National Heroes linasanduka cipatala.

Khonsolo siingagule malole okwanira kapena kulemba anthu okumba ngalande molingana ndi katundu amene siimudziwa. Komiti ya citukuko ya wadi ingayambe ndi buku limodzi lacikuto colimba: oumba mabuloko alembetse matumba amene agula pamwezi ndi mabuloko amene agulitsa, ndipo okumba ngalande mvula isanayambe alembe mawilibala a mcenga ndi miyala amene afukula, padera ndi mapulasitiki.